Mazira a Nangozo

Padangotero. Amene muli nane nenani kuti tili tonse. Amene simuli nane musavomere, chifukwa kuvomera kwa pakamwa chabe ndakumva kokwanira.

Kudali Nkhanu wina amene ankakhala pamene mtsinje umathira m'nyanja yamchere. Makolo ake omubereka sadawadziwe. Adaleredwa ndi a Nangozo, nkhasi yaikulu ya m'nyanjamo, kamba wa m'madzi uja. Adamutola ali kachinthu konga njere ya nandolo n'kumakamubereka pachigoba chawo. Iye ankawatcha amayi, ndipo aliyense woseka kuti nkhanu siibadwa kwa nkhasi ankamupana chala mpaka apepese. Sukulu adalekezera Sitandade 4. Kuwerenga ankatha, koma mochita kugunda chilembo chimodzichimodzi.

Tsiku lina a Nangozo adakwera kumchenga, adakumba dzenje, adaikira mazira n'kukwirira. Pobwerera m'madzi adali ndi njala. Adaona chinthu choyera chikuyandama, adayesa ndi chakudya chawo cha masiku onse, adameza. Lidali jumbo. Adavutika masiku atatu, ndipo lachinayi mafunde adawatula pamchenga atatsirizika.

Kumaliro kudabwera akuluakulu. Kudabwera Abusa Khwangwala ndi kolala yawo yoyera. Kudabwera a Nkhwazi, woyendera masukulu onse a m'mbali mwa mtsinjewo. Abusa adalalika kuti nthawi ya mayiyu idakwana.

"Nthawi yanji?" adatero Nkhanu ataimirira. "Jumbo ili apa, ndalisolola ndekha kukhosi kwawo. Nthawi imabwera ili ndi zogwirira ziwiri?"

"Wofedwa salankhula pamaliro," adatero Abusa. "Mugwireni akhale pansi."

Adamugwira. Kenaka a Nkhwazi adatambasula mapiko n'kunena kuti imfa iyi yawakhudza kwambiri, choncho kuyambira tsikulo sukulu iliyonse iziphunzitsa ana kuteteza nyanja, ndipo yopambana idzalandira chikho. Onse adawomba m'manja. Adadya, adakhuta, adauluka. Mapepala amene adakulungira chakudya adawasiya pamanda pomwepo. Amoyo ndi otero.

Nkhanu adatsala ndi mazira. Ankadziwa kuti pakatha miyezi iwiri tiana tidzatuluka, ndipo tidzayenera kuyenda tokha kuchokera padzenje kukafika kumadzi. Kamwana ka nkhasi sikadziwa kuzungulira. Kakakumana ndi botolo kamangolikankha ndi mutu, kukankha, kukankha, mpaka dzuwa likaumitse. Choncho iye adayamba kulambula njira. Koma chilankhulire a Nkhwazi pamaliro paja, zinyalala zobwera ndi mtsinje zidawirikiza. Akachotsa dengu limodzi m'mawa, pofika masana apeza atatu. Mulu udakula pakati pa dzenje ndi madzi.

Tsiku lina adatola pepala la m'kope pamulupo. Adaligunda chilembo chimodzichimodzi. Lidati: Sukulu ya Pachulu, Sitandade 6, Mutu: Titeteze Nyanja. Pansi pake aphunzitsi adachonga ndi cholembera chofiira.

Nkhanu adalipinda pepalalo n'kuyamba ulendo wotsata mtsinje kumtunda. Adayenda masiku atatu.

Asanaione sukulu adayamba kumva nyimbo. Idali nyimbo yotamanda nyanja, yopekedwa ndi ahedi eniake. Mmodzi ankatsogolera, kufunsa kuti adzaiteteze nyanja ndani, ena onse n'kuyankha potchula dzina la sukulu yawo, kenaka n'kuponda pansi kawiri ndi mphamvu. Ankaimba akusesa. Pabwalo padali pa mbee, popanda ngakhale kachitsotso. Ana a mbewa, ana a buluzi, ana a chule, onse adali pamzere ndi madengu pamutu, ndipo mzerewo unkathera pamtsinje. Aliyense akafika, khuthu, n'kubwerera akuimba.

Wotsogolera nyimbo adali mtsikana wa gologolo, monitala wa Sitandade 6, dzina lake Ndaziona.

"Iwe mwana, mukutani apa?" adafunsa Nkhanu.

"Tikuteteza nyanja, bambo."

"Nyanjayo munaionapo?"

"Ili patsamba 42. Ndi ya buluu."

"Nanga mtsinjewu umapita kuti?"

"Kumunsi."

"Kumunsi kwake kuti?"

Ndaziona adaganiza pang'ono. "Zimenezo ndi za Sitandade 8."

"Dzenje la zinyalala mulibe?"

"Tinali nalo. Koma a Nkhwazi atabwera anati sukulu yofuna chikho isamaoneke ndi dzenje, likunyansa. Ndiye tinalikwirira. Panopa timasesa katatu patsiku."

Nkhanu adalunjika ku ofesi. Ahedi adali a Kakowa, oyera kuyambira kumutu mpaka kumchira, oyenda ngati pansi pali minga. Nkhanu adawafotokozera zonse: za mtsinje, za jumbo, za amayi ake, za mazira. Adawaonetsa pepala lija.

A Kakowa sadamuyang'ane kumaso. Adayang'ana pepala. "Uyu ndi mwana wanzeru, wakhoza zonse. Iwe unalekezera kalasi yanji?"

"Folo."

"Folo. Ndipo wabwera kudzaphunzitsa ine za nyanja. Buku likuti ukhondo umayambira pakhomo. Pakhomo pathu waonapo chinyalala?"

"Ayi, chifukwa zonse zili pakhomo panga!"

"Ndiye kasese kwanu. Ana inu, mutulutseni uyu."

Ana adamuthamangitsa ndi miyala, akuseka. Si kuti adali oipa. Adauzidwa.

Nkhanu adabisala m'bango n'kuganiza. Choonadi chidabwera wapansi ndipo adachiponya miyala. Bwanji bodza libwere litavala chipewa? Adatola chigoba chachikulu cha nkhono n'kuchivala kumutu. Adadzipaka dothi loyera. Adavuula zinyalala za tsikulo mumtsinje, adadzaza dengu, adavundikira ndi tsamba la nthochi. M'mawa mwake adafika pa asembule akuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wodya bwino.

"Odi kuno! Ndine mthenga wa Mfumu Yaikulu Nyanja."

A Kakowa sadamuzindikire, poti dzulo lake sadamuyang'ane. Adagwada mwendo umodzi. "Takulandirani, bwana. Ana inu, mpando!"

"Mfumu yanditumiza ndi mawu awa," adatero Nkhanu. "Mbale ya mnzako siibwerera yopanda kanthu. Zimene mwakhala mukuitumizira pamtsinje zakhala zikufika. Ndiye nayo yati ikubwezereni zofanana."

Adavundukula dengu. Mudali majumbo onyowa, mabotolo, zolembera zotha, nsapato imodzi. Fungo lidafika mpaka kumzere wa Sitandade 1. Nkhanu adadikira kuti ahedi achite manyazi.

A Kakowa adazungulira dengu kawiri. Adapendeketsa mutu. "Izi si zathu zomwe?"

"Zomwezo."

"Ndiye kuti zinafika."

"Zinafika."

"Ngati zinafika, yalandira. Ngati yalandira n'kubweza, yakondwa. Ndipo ngati mfumu yaikulu chotero ikupereka zinthu zotere ngati mphatso, ndiye kuti kwawoko zimenezi ndi chuma." Maso awo adawala. "Ana inu, mwamva? Ife timayesa tikutaya, osadziwa kuti tikupereka!"

"Ahedi, sindinatero ayi..."

"Musadandaule, bwana, ife si anthu oti mfumu itipose kupatsa. Kuyambira lero masamu aima. Mupite kumsika, mupite kuchigayo, mupite kuseri kwa nyumba za makolo anu. Chilichonse chosaola mubwere nacho."

Dengu lija adaliika mu ofesi pamwamba pa kabati, n'kuliyalira kansalu. Ana adabalalika akuimba nyimbo ija, wotsogolera kufunsa, ena kuyankha, mapazi kuponda kawiri. Kwa sabata yathunthu adakokolola dera lonse n'kumakhuthulira mumtsinje, mpaka madzi adasiya kuoneka. Nkhanu adakhala m'bango akudziluma yekha. Adawerenga masiku a mazira. Adatsala khumi.

Adavalanso chigoba chija n'kubwerera, ulendo uno nkhope itakwinyika.

"Mfumu yakwiya."

A Kakowa adagwada miyendo yonse iwiri. "Zachepa?"

"Sizinachepe. Funso la mfumu ndi ili. Kodi kwanu kuno mphatso ya munthu wamkulu mumaipatsira wantchito? Mtsinje ndi ndani? Mtsinje ndi wantchito wake, womutsuka mapazi. Inu apongozi anu mungawatumizire nkhuku poiponya pamsewu kuti ikafika yokha?"

"Ayi, bwana. N'chipongwe chimenecho."

"Chipongwe chachikulu. Mphatso ya wamkulu imaperekedwa pamanja, mwini wake atagwada. Kuyambira lero, kanthu kamodzi kakangogweranso mumtsinje, chikho muiwale."

Nkhanu ankadziwa kuti kunyanja n'kutali, ulendo wa masiku atatu, ndipo a Kakowa sakonda fumbi. Ankati zinyalala zingounjikana pasukulu mpaka atopa nazo n'kukumbanso dzenje lawo.

A Kakowa adaimirira n'kudzisansa. "Ndaziona, imba belu. Tinyamuka Lolemba, sukulu yonse, aliyense ndi dengu lodzaza. Tikapereka pamanja."

"Ahedi, n'kutali," adatero Nkhanu.

"Chikho sichikhala pafupi."

"Ana aang'onowa atopa."

"Adzapuma akadzakula. Ndipo ndilembera kalata a Nkhwazi kuti adzaone ndi maso awo. Aliyense atengenso tsache lake, tikasese pokhala alendo."

Nkhanu adafuna kuletsa mtsinje, tsopano wadzipangira mtsinje wina wa miyendo. Adayenda nawo limodzi masiku atatu, chigoba chikumupweteka kumutu, akuganiza, osapeza kanthu.

Adafika m'mawa wa tsiku lachinayi. Ana ataiona nyanja nyimbo idazima yokha. Adaima ndi madengu pamutu, pakamwa yasa.

"Si ya buluu," adatero Ndaziona.

"Ikubwera kapena ikupita?" adafunsa mwana wa mbewa.

Mwana wa chule adathamanga kukalawa, adabwerako akulavula. "Wina wathiramo mchere! Ahedi, aiwononga kale!"

"Tsidya lake lili kuti?"

"Tikaiteteza bwanji chinthu chachikulu chonchi? Tiizungulire?"

"Chete!" adatero a Kakowa, amene nawonso adali asanaionepo. "Tulani madengu."

Potula, Ndaziona adaona mulu uja. Udali utatalika kuposa denga la kalasi yawo. Adayandikira. Adatola botolo, adalitembenuza, adaliika pansi. Adatola chikuto cha kope.

"Ili ndi kope langa la chaka chatha."

"Iyi ndi nsapato ya achimwene anga," adatero wina.

"Zafika bwanji kuno ife tisanafike?"

Ndaziona adayang'ana mulu, adayang'ana pamene mtsinje unkathira, adayang'ananso mulu. "Bambo mthenga," adatero, "ngati mfumu imazikonda, bwanji yazisiya panja?"

Nkhanu asanayankhe, a Kakowa adatenga jumbo limodzi lokongola, adapita m'mphepete mwa madzi, adagwada, adaliika pamafunde ndi mapiko onse awiri. Funde lidalitenga. Funde lina lidalibweza pamapazi pawo. Adaliperekanso. Lidabweranso. Kachitatu chimodzimodzi.

"Ikukana," adatero Ndaziona.

"Ikubweza mbale," adatero a Kakowa. "Yakondwa! Ana inu, nyamulani madengu onse, mukhuthulire..."

"Mwambo usanayambe?" adakuwa Nkhanu. "Alendo olemekezeka asanafike? A Nkhwazi adzaona chiyani, madengu opanda kanthu?"

A Kakowa adaima. "Zoona. Dikirani."

Sadadikire nthawi yaitali. A Nkhwazi adatera atanyamula chikho, ndipo pambuyo pawo padatera Abusa Khwangwala, amene adamva kuti kuli mwambo, ndipo mwambo sulephera chakudya. A Kakowa adalamula nyimbo yolandirira alendo. Ana adaima pamchenga wouma, pamwamba penipeni pa dzenje la a Nangozo, osadziwa. Ndaziona adafunsa funso lake la m'nyimbo ndi mawu otsika, ngati akufunsadi. Ena adayankha dzina la sukulu. Mapazi mazana awiri adaponda pansi kawiri. Adabwereza. Adapondanso.

Mchenga udang'ambika.

Padatuluka kamutu kakuda. Kenaka kena. Kenaka mchenga wonse udayamba kuwira ngati phala, tiana ta nkhasi tikutuluka, tikukwerana, tonse titaloza kumadzi. Masiku adali asanakwane, koma kuponda kuja kudatidzutsa. Ana adalumpha akukuwa. Tiana toyamba tidafika pamulu n'kuyamba kukankha mabotolo ndi mitu.

Nkhanu adayang'ana alendo. A Nkhwazi adali atatula chikho pansi, zikhadabo zikufinya mchenga. A Kakowa khosi lidali litatalika. Abusa ankameza mate.

"Taonani chifundo cha Mulungu," adatero Abusa. "Watiyalira chakudya m'chipululu."

Awiri mwa awa ndi omwe aja adalira pamaliro a mayi wa tianato.

Nkhanu adamukokera Ndaziona kuseri kwa mulu n'kuvula chigoba. "Ndiyang'ane. Ndine uja munandiponya miyala."

"Ndiye mfumu ija..."

"Kulibe mfumu. Kuli madzi basi, ndi zokhala m'madzimo. Amayi anga anameza jumbo lochokera kumtunda n'kufa. Awa ndi ana awo, abale anga. Akapanda kufika kumadzi dzuwa lisanakwere, afa. Akaonekera kwa akuluakulu ajawo, adyedwa."

"Munatinamiza."

"Nditanena zoona munatani?"

Ndaziona adayang'ana pansi. Kamwana kena ka nkhasi kadali katalowetsa mutu m'kamwa mwa botolo, timiyendo tikupalasa pachabe. Adawerama n'kukasolola. "Ndiye titani? Za izi sitinaphunzire."

"Chitani chimene mumadziwa. Matsache muli nawo. Boolani njira pamulupa. Madengu anuwo muwandandalike mbali iyi, akhale mpanda, alendo asaone. Milomo yawo ndisiyireni ine."

Adavalanso chigoba n'kuthamangira kutsogolo. A Nkhwazi adali atatambasula kale mapiko.

"Olemekezeka! Olemekezeka, chonde! Kodi kwathu kuno chakudya chimayamba, malankhulidwe n'kutsatira? Tiziti tafika kwa anthu osaphunzira? Chakudya chilipo chambiri, sichithawa, taonani mulu wachitchinga. Tiyambe ndi pemphero. Abusa, titsegulireni. Maso onse atsekedwe."

A Nkhwazi adapinda mapiko monyinyirika. Munthu wamkulu sangaoneke wadyera pamaso pa ana a sukulu. Abusa adayamba pemphero mothamanga, diso limodzi lili pamchenga.

"Abusa, diso," adanong'ona Nkhanu. "Ana akuonani."

Diso lidatsekeka. Kuseri, matsache adayamba kulira. Ana akuluakulu ankanyamula mabotolo ndi zigubu n'kumaponya kumbali. Ana a mbewa ankaluma zingwe zimene zidakola timiyendo. A Sitandade 1 ankakoka madengu awiriawiri kumanga mpanda.

"...m'dzina la..." adatero Abusa.

"Mwaiwala odwala."

Abusa adapempherera odwala.

"A paulendo."

Adapempherera a paulendo.

"Mvula. Atsogoleri athu, aliyense ndi dzina lake. Akaidi."

Pofika pa ameni, mpanda wa madengu udali utaima kuchokera padzenje mpaka pamulu, ndipo pamulu padali patabooka kanjira kopapatiza. Alendo atatsegula maso adangoona madengu ndi misana ya ana.

"Chakudya chija chili kuti?" adafunsa a Nkhwazi.

"Ana akuchikonza, bwana, kuti chisakhale ndi mchenga. Tsopano tiitane mwini sukulu, a Kakowa."

A Kakowa adali atalemba mawu awo usiku wapitawo, masamba anayi. Njala idalimbana ndi masamba anayiwo, masamba adapambana. Adayamba ndi kulemekeza a Nkhwazi, kenaka Abusa, kenaka mthenga.

"Pepani ahedi," adatero Nkhanu. "Mwayamba ndi a Nkhwazi, Abusa ali pompano? Wa Mulungu ndi wa boma, wamkulu ndani?"

"Zoona zimenezo," adatero Abusa.

"Zoona zake ziti?" adatero a Nkhwazi. "Uno ndi mwambo wa sukulu, si ubatizo."

"Inuyo anakudalitsani ndani pa ukwati wanu?"

"Nanga denga la tchalitchi chanu anakupezerani malata ndani?"

Adakangana mpaka nthenga kuima. A Kakowa adayambiranso katatu, ulendo uliwonse wina n'kukwiya. Pamapeto adagwirizana kuti atchulidwe onse awiri mpweya umodzi. Ndipo nthawi yonseyo, kuseri kwa madengu, tiana tinkadutsa. Ndaziona adayambitsa nyimbo ija chapansipansi kuti alendo asamve mapazi a tiana pamapepala, koma pofika poponda pansi paja ana onse adangonyamula phazi n'kulitula mwakachetechete, poopa kuponda wina. Toyamba tidafika pamchenga wonyowa. Funde lidabwera, lidatinyamula, silidatibweze.

"Awa ikulandira," adanong'ona mwana wa chule.

Tsopano idafika nthawi ya a Nkhwazi. Iwo adati salankhula zambiri chifukwa nthawi yatha ndipo chakudya chikuzizira. Nkhanu adasuzumira kumadengu. Tiana tidali tisanathe.

"Bwana, anawa sadziwa mmene ganizo la chikho linakubwererani. Ena akuti linali la ahedi."

"La ndani?" A Nkhwazi adakonza kukhosi. Adayambira pa ubwana wawo. Adafotokoza za sukulu imene adaphunzira, mtunda umene ankauluka wopanda chakudya, mayeso amene adakhoza okha m'boma lonse. Adati pomaliza, n'kufotokoza za ulendo wawo wa kumsonkhano waukulu. Adatinso pomaliza, n'kudzudzula ana a masiku ano. Nkhanu ankavomera mokweza, "Eya! Tamvani! Bwerezani pamenepo, bwana!" uku diso lili pampata wa madengu. Adaona njira ikuyera. Khumi tatsala. Tisanu. Tiwiri. Ndaziona adakweza tsache m'mwamba kusonyeza kuti tatha.

Pamenepo Nkhanu adamva chinthu chikumukanda mwendo wakumbuyo.

Kadali kamodzi, kotsiriza kutuluka, kakang'ono kuposa tonse. Kadaphonya njira, kadapyola pansi pa dengu, ndipo chinthu choyamba chimene kadaona chikuyenda chidali Nkhanu. Kadamutsatira. Iye akasuntha cham'mbali, nako cham'mbali. Kadali poyera, kutalika kwa phiko limodzi kuchokera pa zikhadabo za a Nkhwazi. Nkhanu adakakhalira pamwamba n'kukaphimba ndi mimba. Kankamukanda, kakufuna kutuluka.

"Ndipo pomaliza penipeni," adatero a Nkhwazi, ndipo ulendo uno mawu awo ankamveka kuti akuthadi.

Nkhanu sakadatha kuchoka, chifukwa wosonkhezera moto akachoka mawu atha, maso atsika pansi. Sakadathanso kukhala. Nzeru zidamuthera. Adayang'ana kumadengu.

Ndaziona adatuluka kuseri kwa mpanda, adagwada, adakweza dzanja. "Funso, bwana."

"Mwana iwe, mwambo uno si wa mafunso," adatero a Kakowa.

"Musiyeni," adatero a Nkhwazi. "Palibe funso la nyanja limene lingandivute ine."

"Bwana, jumbo likalowa m'nyanja, limatha pakapita masiku angati?"

A Nkhwazi adatsegula mlomo. Adautseka. Adayang'ana kumwamba. Yankho sankalidziwa, ndipo wamkulu amene sakudziwa yankho ndiye amalankhula nthawi yaitali kuposa onse. Adati funsoli lili ndi mbali zitatu. Adati tiyambe tamvetsa kuti jumbo n'chiyani. Adafunsa a Kakowa kuti buku likuti bwanji, a Kakowa adati tsamba limenelo lidang'ambika. Abusa adati zonse zidzatha pa tsiku lomaliza. Atatu onse maso adali m'mwamba, kufunafuna yankho m'mitambo.

Nkhanu adanyamuka pang'onopang'ono. Adatembenuza thupi kuti mbali yake iloze kumadzi, n'kuyamba kuyenda, kamwana kali m'munsi mwa mthunzi wake. Kakaima, naye aima. Kadakodwa mu ulusi, adaudula. Adadutsa kumapeto kwa madengu, adadutsa pakanjira kaja, ana atapanga mizere iwiri osapuma n'komwe. Pamchenga wonyowa kamwana kadaimanso, kakudikira iye. Nkhanu adalowa m'madzi mpaka m'maso. Kadamutsatira. Funde lidafika, lidamugubuduza iye, chigoba chidavuka, ndipo atadzuka kamwana kadali kutsogolo, kakupalasa ngati kadayamba kalekale. Sikadacheuke.

"...choncho yankho lake n'lakuti zimatengera," adamaliza a Nkhwazi. Adawomberedwa m'manja ndi a Kakowa ndi Abusa. "Tsopano chakudya."

Ana adachotsa madengu. Padali mchenga wosesedwa bwino, ndi timizere tambirimbiri tolowera kumadzi.

"Chili kuti?"

"Chapita, bwana," adatero Ndaziona.

"Chapita kuti? Mthenga uja ali kuti?"

Adangoona nkhanu wamba akutuluka m'madzi, wopanda chipewa, wopanda dothi loyera. Palibe mwa atatuwo adamuyang'ana kawiri. A Nkhwazi adakwiya, koma kudandaula za chakudya pamaso pa ana sikukadatheka, ndipo kubwerera ndi chikho kudali kolemera. Adachipereka kwa a Kakowa chifukwa cha utsogoleri wabwino. A Kakowa adachikumbatira n'kulamula kuti tsopano mphatso zikhuthulidwe m'nyanja.

Palibe mwana adasuntha.

"Ndati khuthulani!"

Ndaziona adapinda nkhata, adasenza dengu lake lodzaza, adatolanso mabotolo awiri pamulu n'kuwapanira m'khwapa. Adatembenukira kumtunda. Ena adachita chimodzimodzi, mpaka a Sitandade 1, aliyense kuwonjezera kanthu pa katundu amene adabwera naye.

"Mukupita nazo kuti?" adakuwa a Kakowa.

"Sitikudziwa, ahedi."

"Ndiye mukunyamuliranji?"

Ndaziona adaima pafupi ndi Nkhanu. "Bambo, zimenezi kwenikweni zimatayidwa kuti?"

"Sindikudziwa, mwanawe. Ine ndimangodziwa kumene siziyenera kupita."

"Mulu watsalawu tidzaubwerera. Koma ndi waukulu."

"Ndi waukulu," adavomera Nkhanu.

Ana adanyamuka, osaimba, akutsutsana za jumbo, wina akuti limatha pa chaka, wina akuti silitha. A Kakowa adatsatira pambuyo ndi chikho, akufunsa aliyense kuti kodi apambana kapena alakwa. Alendo adauluka kukafuna mwambo wina.

Nkhanu adapita padzenje. Mudatsala zikamba za mazira zokhazokha, zofewa, zong'ambika. Adazitembenuza chimodzichimodzi kuona ngati wina watsalira. Mudalibe. Adalowa m'dzenjemo, mmene amayi ake adakumba ndi miyendo yawo, adakhala pansi, n'kuyamba kulira.

Nthano yathera pamenepo. Mbatata ngati yapsa, kaphuleni nokha.